Mabuleki Akamalira, Mverani

Galimoto siilankhula, koma imadandaula. Imadandaula ndi phokoso. Phokoso la mabuleki tisamalinyozere, chifukwa mabuleki ndiwo amasunga moyo wa dalaivala, wa okwera, ndiponso wa mwana amene akuwoloka msewu.

Masiku ano anthu ambiri akugula magalimoto amene anayendapo kale ku Japan. Magalimotowa amabwera pa sitima ya pamadzi ndi kutsikira ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Durban. Ena mwa iwo ndi othamanga kwambiri, monga Subaru Impreza WRX. Mwina inu mwagula yotere, kapena mwana wanu, kapena bwana amene mumawayendetsera. Sabata isanathe, mwayamba kumva "khwee, khwee" ku gudumu. Kodi chavuta nchiyani? Tiyeni tifufuze pamodzi.

Mmene mabuleki amagwirira ntchito

Njinga nonse mumaidziŵa. Mukagwira buleki, timalabala tiŵiri timapana limu, njinga nkuima. Galimoto ndi chimodzimodzi. Kuseri kwa gudumu kuli chitsulo chozungulira ngati mbale. Dzina lake ndi disiki. Uku ndi uku kwa disiki kuli mapadi. Mukaponda buleki, mafuta a mabuleki amakankha mapadiwo, ndipo mapadi amapana disiki. Chitsulo chimene chimasunga mapadi amakaniko amachitcha kalipa.

Mapadi ali ndi mbali ziŵiri. Kumsana kwake kuli chitsulo. Kumaso kwake kuli chinthu chakuda cholimba chimene chimakhudza disiki. Chinthu chakudachi chimatha pang'onopang'ono, monga imathera nsapato kuphazi. Mapadi atsopano amachindikala mamilimita 10 mpaka 12. Akatsala mamilimita 3, nthaŵi yosintha yakwana. Mamilimita 3 ndi pang'ono zedi, angoposa pang'ono kamtengo ka machesi.

Galimoto yothamanga imadya mapadi msanga. Taonani chitsanzo ichi. Ngati pa liŵiro la makilomita 50 galimoto ikuima patatha mamita 15 mutaponda buleki, pa liŵiro la 100 idzafuna mamita 60. Liŵiro lachuluka kaŵiri, koma mtunda wachuluka kanayi. Ntchito yonseyi imagwera mapadi. Tsono mwini wake woyamba ankaiyendetsa bwanji? Wogulitsa sangakuuzeni. Iye watsuka kunja, koma mapadi ndi akale omwe aja.

Choyamba, mverani

Zimitsani wailesi. Tsegulani mawindo. Pezani msewu wopanda anthu, ndipo yendani pang'onopang'ono. Dzifunseni kuti, kodi phokosoli likubwera nthaŵi yanji?

Ngati likumveka mmaŵa pokha, kapena mvula itagwa, ndipo likutha mukaponda buleki kangapo, limenelo ndi dzimbiri. Disiki ndi chitsulo chosapaka penti, choncho imachita dzimbiri msanga. Galimoto imene yakhala masabata ambiri pa doko ndi pa sitima imakhala ndi dzimbiri lambiri. Mapadi amalipala okha. Koma likapitirira masiku angapo, kaonetseni.

Ngati mukumva kulira kwa "tswii" ngati mluzu, mapadi akukuchenjezani. Mapadi ambiri ali ndi kachitsulo kakang'ono pambali. Mapadi akatsala pang'ono kutha, kachitsuloko kamakhudza disiki nkumalira. Anakaika dala kuti mumve. Komanso dziŵani kuti mapadi ena a magalimoto othamanga ali ndi chitsulo chambiri mkati mwake. Otereŵa amalira akazizira, ndipo amaleka akatentha. Kuti musiyanitse ziŵirizi, muyenera kuona ndi maso.

Ngati mukumva kukukuta kwamphamvu, ngati mphero ikupera mapira, nthaŵi zonse mukaponda buleki, apa ndiye pali zoopsa. Chinthu chakuda chija chatha. Tsopano chitsulo chikudya chitsulo chinzake. Galimoto yotere siingaime msanga. Musanene kuti, "Ndikonza mwezi ukatha." Ayi ndithu. Iimikeni lero lomwe.

Nanga phokoso likamveka musanaponde buleki? Pali zinthu zitatu. Mwina kamwala kaloŵa pakati pa disiki ndi kalata kamene kali kuseri kwake. Izi zimachitikachitika m'misewu ya miyala. Mwina kalipa yamata, ndipo mapadi akupana disiki osasiya. Zikatero galimoto imakokera mbali imodzi, ndipo gudumu limodzi limatentha kuposa anzake. Mwinanso si mabuleki ayi, koma bering'i ya gudumu. Bering'i imalira "wuu", ndipo phokoso lake limakula pamene liŵiro likukula.

Pali chinanso. Mukaponda buleki mwadzidzidzi pa msewu wa fumbi kapena woterera, mungamve kugunda ndi kunjenjemera pansi pa phazi. Musaope, ndipo musachotse phazi. Imeneyo ndi ABS, imene imathandiza kuti magudumu asamangike nkuyamba kutsetsereka. Koma chiwongolero chikamanjenjemera pa tala mukuponda bwinobwino, ndiye kuti disiki yatha mosafanana.

Chachiŵiri, yang'anani

Imikani galimoto pamalo osatsetsereka. Dikirani kuti zitsulo zizizire, pakuti disiki yotentha imawotcha chala. Tengani tochi ndi kuunika m'mipata ya limu. Disiki yabwino ndi yosalala. Mukaona mizere yakuya ngati ya khasu, mapadi aikanda. Mukaona mtundu wabuluu, inatentha kwambiri.

Onaninso mapadi. Koma kumbukirani kuti mukuona a kunja okha. Nthaŵi zambiri a mkati ndiwo amatha msanga, ndipo kuti muwaone bwino muyenera kuchotsa gudumu. Musaloŵe pansi pa galimoto itangokhala pa jeke yokha. Jeke imagwa. Fumbi la mabuleki musaliuzire ndi pakamwa, limawononga mapapo.

Kenaka tsegulani boneti. Pezani kabotolo ka mafuta a mabuleki. Pali mizere iŵiri yolembedwa kuti MIN ndi MAX. Mapadi akamatha, mafutaŵa amatsika. Kungothira ena sikuchiritsa nthenda. Akamatsika msangamsanga, penapake pakudontha, ndipo galimotoyo isayende.

Chachitatu, pitani kwa makaniko

Auzeni zonse zimene mwamva ndi kuona. Funsani mafunso, paja safunsa anadya phula. Pemphani kuti akuonetseni mapadi akale.

Mapadi asinthidwe mbali zonse ziŵiri, kumanja ndi kumanzere. Kusintha mbali imodzi kumachititsa galimoto kukokera pambali. Disiki aiyeze. Pa disiki pamalembedwa MIN TH ndi nambala. Nambalayo ikutanthauza kuti disiki isapyapyale kuposa pamenepo. Ikafika pamenepo, gulani zatsopano, nazonso ziŵiri.

Pogula mapadi, tengani nambala ya chasisi ya galimoto yanu kuti akupatseni oyenera. Mapadi a galimoto yothamanga ndi okwera mtengo. Eetu, walira mvula walira matope. Koma mukachedwa mudzagula mapadi ndi madisiki omwe. Mafuta a mabuleki akhale a mtundu umene walembedwa pa chitsekerero cha kabotolo kaja, monga DOT 3 kapena DOT 4. Ndi bwino kuwasintha pa zaka ziŵiri zilizonse, chifukwa amamwa chinyezi.

Ntchito ikatha, musanyamuke msanga. Pondani buleki kangapo galimoto ili chiimire, mpaka mumve kuti yalimba. Pa makilomita 200 oyamba yendani modekha, kuti mapadi azoloŵerane ndi disiki. Potsika mapiri monga Chiŵeta kapena Zomba, ikani giya yaing'ono kuti injini ithandize. Mabuleki akatentha kwambiri amaleka kugwira.

Anzanga, onani phindu la kuŵerenga. MIN, MAX, MIN TH, DOT 4: zonsezi tsopano mungaziŵerenge nokha, ndipo palibe angakunamizeni ku galaja.

Mafunso okambirana

1. Kodi mapadi ayenera kusinthidwa akatsala mamilimita angati?
2. Ndi phokoso lotani limene likutiuza kuti tiimike galimoto lero lomwe?
3. Nchifukwa chiyani tiyenera kusintha mapadi mbali zonse ziŵiri?
4. Mutakwera minibasi nkumva mabuleki akukukuta, mungawauze chiyani adalaivala?