Gods and Generals: Filimu ya Nkhondo Yomwe Inatopetsa Oonera

Gods and Generals ndi filimu ya ku America yomwe inatuluka mu February 2003, ndipo imatchulidwa kawirikawiri pakakambidwa za mafilimu a nkhondo otalika mopyola muyezo. Imatenga maola atatu ndi mphindi 39, moti m'nyumba zoonetsera mafilimu ankaiimitsa pakati kuti anthu awongoleko miyendo. Anaitsogolera ndi Ronald F. Maxwell potengera buku la Jeff Shaara la mu 1996. Ndalama zoikonzera, pafupifupi madola 56 miliyoni, anapereka ndi Ted Turner, yemwe anayambitsa wailesi ya kanema ya CNN.

Nkhani yake ndi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865. Zigawo za kummwera zinagalukira boma pofuna kuteteza ukapolo, ndipo anthu oposa 600,000 anafa. Mwininkhani ndi Thomas "Stonewall" Jackson, kazembe wa asilikali a kummwera, yemwe mbali yake anasewera Stephen Lang. Robert Duvall anasewera ngati Robert E. Lee, kazembe winanso wa kummwera, pomwe Jeff Daniels anali Joshua Chamberlain, mphunzitsi wa pakoleji amene anamenyera mbali ya kumpoto. Filimuyi ikuonetsa nkhondo zitatu: ya Bull Run mu 1861, ya Fredericksburg mu 1862 ndi ya Chancellorsville mu 1863.

Zabwino zilimo ndithu. Pa Fredericksburg, asilikali a kumpoto akukwera kachitunda m'mizere, a kummwera n'kumawawombera atabisala kuseri kwa khoma la miyala. Kutada, Chamberlain akugona pansi pozizira, mitembo ya anzake ikumutchinga ku zipolopolo. Apa woonera amagwidwa nthumanzi.

Koma zigawo zotere n'zochepa. Nthawi yambiri yathera pa zolankhula zitalizitali zomveka ngati ulaliki. Jackson amapemphera mokweza atayang'ana kumwamba, akazembe amayankhulana m'mawu okuluwika, ndipo Chamberlain amalakatula ndakatulo yakale ya ku Roma asilikali ali pafupi kuwoloka mtsinje. Palinso chigawo chachitali cha Khirisimasi chomwe Jackson akucheza ndi kamtsikana kakang'ono, nkhani ya nkhondo itaima chilili. Ngakhale imfa yake ikukoka nthawi: anawomberedwa mwangozi ndi asilikali ake omwe pa 2 May 1863, anamudula mkono, n'kumwalira ndi chibayo pa 10 May, ndipo filimuyi ikudikira naye pamphasa mpaka kumapeto.

Chokhumudwitsa kwambiri n'chakuti m'maola onsewo, ukapolo, womwe ndi gwero la nkhondoyi, sukuoneka nkhanza zake. Anthu akuda awiri opatsidwa malo, Jim Lewis wophikira Jackson ndi Martha wantchito ya m'nyumba, amalakalaka ufulu koma aonetsedwa ali okhulupirika kwa mabwana awo. N'chifukwa chake ambiri olemba za mafilimu anati filimuyi ikuyeretsa mbiri ya kummwera.

Kutalika pakokha si mlandu. Gettysburg, yomwe Maxwell yemweyo anatulutsa mu 1993, imapitirira maola anayi, komabe inalandiridwa bwino. Iyo inatsata nkhondo imodzi ya masiku atatu, ndipo chochitika chilichonse chinkabala chinzake. Gods and Generals inamwaza nkhani m'zaka ziwiri, n'kuika mtima pa kulemekeza akazembe m'malo moonetsa anthu okhala ndi mantha, zolakwa ndi zokaikira.

Oonera anainyanyala, moti ku America inangopeza madola pafupifupi 13 miliyoni. Filimu yachitatu yomwe inkayembekezeka kutsatira Gettysburg ndi Gods and Generals n'kutsiriza nkhaniyi, The Last Full Measure, sinakonzedwenso. Mu 2011 Maxwell anatulutsa Gods and Generals yowonjezera ya mphindi 280, atabwezeramo zigawo zomwe zinadulidwa, kuphatikizapo nkhondo ya Antietam, ndipo iyi inapita kwa ogula zimbale zoonera kunyumba.