Nambala ya pakatoni sikuonetsani mizu

Funso loyamba la munthu wofuna nyali yokwerera njinga m'mapiri usiku limakhala lomwelomwelo: "Aphiri anga, iyi ili ndi ma lumen angati?" Ine monga makaniko wa njinga zam'mapiri ndimayankha, chifukwa kasitomala sakanizidwa yankho. Koma nambala imeneyo ndi imene imadyetsa anthu ndalama zambiri, ndipo si imene idzakuonetseni muzu wa paini wopingasa njira mukamatsika ku Zomba dzuwa litalowa.

Kuno mdima sunyengerera. M'mwezi wa Juni dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira, ndipo pakangotha theka la ola kumakhala kuli bii. Munthu woweruka kuntchito madzulo n'kumafuna kukapalasa m'nkhalango, afune asafune adzabwerera ndi nyali. Choncho nkhaniyi si ya ochita mipikisano okha.

Lumen ndi muyeso wa kuwala konse kumene nyali ikutulutsa, kaya kukupita kumwamba, m'mbali kapena kutsogolo. Sakuuzani kumene kuwalako kukugwera. Nyali ziwiri zikhoza kukhala ndi ma lumen 1000 iliyonse, ina n'kuunjika onsewo pa kadontho kamodzi patali, inayo n'kuwamwaza m'lifupi mwa njira yonse. Yoyambayo imasangalatsa mukaiyatsa pakhonde n'kuloza mtengo wa kwa aneba. M'tchire ndi yoopsa, chifukwa diso limazolowera kadontho kowala kwambiriko ndipo zonse za m'mbali zimasanduka mdima wandiweyani. Mwala umene udzagunde pedulo uli m'mbalimo.

Chimene ndimafuna kuti munthu amvetse asanatulutse ndalama ndi nkhani ya mthunzi. Amene analimapo akudziwa kuti mizere ya m'munda imaoneka bwino m'mamawa dzuwa likadali pansi, pamene mzere uliwonse uli ndi mthunzi wake. Masana dzuwa lili paliwombo munda womwewo umaoneka ngati wosalala. Njira yam'phiri imachitanso chimodzimodzi. Nyali ya pahandulo ili m'munsi mwa maso anu, motero mwala uliwonse, muzu uliwonse ndi dzenje lililonse zimaponya mthunzi umene inu mukuuona, ndipo ubongo umadziwa msanga kuti apa n'pokwera, apa n'pokumbika. Nyali ya pachisoti ili pafupi kwambiri ndi maso. Mthunzi wa mwala umabisala kuseri kwa mwalawo, kumene inu simungauone. Njira imawala bwinobwino koma imaoneka yafulati, ndiye mumangodzidzimuka tayala lakutsogolo lalowa m'kangalande kamene simunakaone.

Ndiye bwanji osangomanga yaikulu pahandulo basi? Chifukwa handulo imaloza kumene njinga yaloza, osati kumene inu mukufuna kupita. Pakona yothina, maso anu amakhala atayang'ana kale potulukira pamene handulo ikuunikirabe thengo. Mukakwera kachulu, nyali ya pahandulo imaloza kumwamba nthawi yomwe mukufunitsitsa kuona potera. Tcheni chikaduka, ya pachisoti ndi imene imakupatsani manja awiri ogwirira ntchito. N'chifukwa chake ine ndimalangiza nyali ziwiri zapakatikati m'malo mwa imodzi yamphamvu zoopsa: ya pahandulo yomwaza kuwala m'lifupi, ya ma lumen 1000 mpaka 1500, ndi ya pachisoti yoponya patali, yocheperako mphamvu kuti isafafanize mithunzi imene inzakeyo ikupanga. Phindu lina ndi loti imodzi ikafa muli pakati pa nkhalango, simutsala mumdima. Ngati thumba likulola imodzi yokha, yambani ndi ya pahandulo ndipo muchepetse liwiro pamakona.

Liwirolo lili ndi masamu ake. Pa makilomita 25 pa ola mukudutsa pafupifupi mamita 7 pa sekondi iliyonse. Kuti muone chinthu, muganize, mugwire mabuleki, njinga n'kuima pa dothi lotayirira, mufunika kuona mamita makumi awiri kapena kuposa. Kuwala nakonso kumachepa mofulumira: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kofika pamenepo kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Koma pokwera chitunda, pamene mukuyenda ngati wapansi, ma lumen 300 ndi okwanira. Wokwera phiri nyali ili pa mphamvu yonse akungowotcha batire limene adzalifune potsika.

Pabatirepo m'pamene bodza la pakatoni limagwidwira, ndipo simufunika makina kuti muligwire. Nyali zambiri zimagwiritsa ntchito batire la lithium lotchedwa 18650, dzina lochokera ku kukula kwake: mamilimita 18 m'mimba mwake, 65 m'litali. Labwino kwambiri la mtundu umenewu limasunga pafupifupi 3500 mAh pa mavoti 3.6, kutanthauza kuti likhoza kupereka mawati 12 ndi kakang'ono kwa ola limodzi. Nyali ya LED yoyaka mwamphamvu imapereka pafupifupi ma lumen 100 pa wati iliyonse. Choncho ma lumen 1000 enieni amadya mawati 10, ndipo batire limodzi lidzakupititsani ola limodzi ndi mphindi zochepa. Tsopano taganizani za katochi kogulitsidwa motchipa kolembedwa kuti ma lumen 10000, maola asanu, batire limodzi. Kakanakhala koona kakanafuna mawati 100, batire likanatha mphindi khumi zisanakwane, ndipo kutentha kwake simukanakagwira. Mukaonanso batire la 18650 lolembedwa 9900 mAh, libwezeni pomwepo. Mphamvu yotere singalowe m'kachitsulo kotero.

Ngakhale makampani oona mtima ali ndi ngodya zawo. Muyeso umene ambiri amatsatira, ANSI FL1, unakhazikitsidwa ku America mu 2009. Umalola kuyeza ma lumen patangotha masekondi 30 nyali itayatsidwa, ikadali yozizira. Umawerenganso nthawi ya batire mpaka pamene kuwala kwatsika kufika pa 10 peresenti ya poyambira. Ndiye mukawerenga kuti "maola atatu", dziwani kuti ola lomalizalo likhoza kukhala la kuwala kongokuthandizani kukankha njinga. Funsani za mphamvu yapakati, chifukwa ndi imene mudzakhalepo nthawi yaitali.

Kutentha ndi mdani wa LED. Nyali yabwino imakhala ndi thupi la aluminiyamu lokhala ndi timizere totulutsira kutentha, ndipo imadalira mphepo ya paulendo kuti izizire. Mukaima n'kumacheza, kapena mukamakwera pang'onopang'ono usiku wa mu Okutobala, imadzichepetsa yokha kuti isapse. Anthu amabwera nayo kwa ine akuti yawonongeka, pomwe ikuchita zimene anaipangira. Yopepuka ngati pepala, ya pulasitiki yokhayokha, koma yodzitama ndi manambala aakulu, ilibe kotayira kutenthako.

Nyengo yathu imasinthanso kasankhidwe. Chiperoni chikagwa ku Mulanje kapena ku Thyolo, kapena chifunga chikakuta pamwamba pa Zomba, nyali ya pachisoti imakutembenukirani: timadontho ta madzi timabweza kuwala m'maso mwanu ndipo mumangoona khoma loyera. Zimakhalanso choncho m'fumbi la Seputembala mukamatsatira mnzanu. Mankhwala ake ndi kuchepetsa kapena kuzimitsa ya pachisoti n'kudalira ya pansi. Mtundu wa kuwala nawo umathandiza. Kuwala koyera mopendekera ku buluu, kwa 6500 K, kumaoneka kwamphamvu m'sitolo, koma kofiirirako pang'ono, kwa 4000 mpaka 4500 K, kumasiyanitsa bwino dothi lakatondo, mizu ndi masamba ouma, ndipo ine ndimaona kuti sikutopetsa maso. Za madzi, yang'anani chilembo cha IP: IPX4 imapirira kuwazidwa, IPX7 imapirira kumizidwa mita imodzi kwa mphindi 30. Mvula ya mu Januwale siwaza, imakhuthula.

Pali nyali zina zabwino kwambiri zimene zili zolakwika pa ntchito imeneyi. Ku Germany malamulo a pamsewu otchedwa StVZO amafuna kuti nyali ya njinga idule kuwala kwake m'mwamba, monga zimachitira nyali za galimoto, kuti isathobwe wobwera kutsogolo. Mumsewu wa tala palibe yoiposa. M'nkhalango siikuonetsani nthambi yolendewera pa msinkhu wa chipumi. Komano phunziro la Ajeremaniwo tisalitaye: njira zathu zam'phiri si zathu tokha. Mumadutsa amayi osenza nkhuni, ana, akabaza, anthu ochokera kumunda. Ma lumen 1500 m'maso mwa munthu wosenza mtolo pa njira yoterera ndi nkhanza. Chepetsani, weramitsani mutu ngati muli ndi ya pachisoti, perekani moni. Mukafika pamsewu waukulu lozetsani nyali pansi, ndipo kumbuyo kukhale kofiira.

Kachinthu kamene anthu amakanyoza ndi chomangira. Mahandulo a njinga zam'mapiri za masiku ano amakhala a mamilimita 31.8 kapena 35 pakati pake, yezani musanagule. Lamba wa labala amakwanira nyali yopepuka, koma yolemera imagwada pa bampu yoyamba n'kuyamba kuunikira tayala. Imeneyo imafuna chomangira cha sikulu, ndipo kachidutswa ka chubu chakale pansi pake kamaletsa kuterereka. Pachisoti ndi zosiyana: chomangira chizitha kumasuka nthambi ikakola, apo ayi chidzakoka khosi lanu. Musabowole chisoti. Ngati nyaliyo ili ndi batire lapadera la waya, liikeni m'chikwama chakumsana, mutu usasenze.

Popeza magetsi kwathu kuno amabwera n'kupita, sankhani nyali yotchajira pa USB kuti power bank kapena sola ya panyumba izitha kuidyetsa. Musaitchaje pa matiresi, musaisiye padzuwa m'galimoto, ndipo batire likatupa kapena kuphwanyika musaligwiritsenso ntchito.

Wogulitsa akalola, iyeseni nyaliyo musanalipire. Imani mamita atatu kuchokera pakhoma n'kuyatsa: mufuna kuwala kozimirira pang'onopang'ono kuchoka pakati kupita m'mbali, osati kadontho kowala kozunguliridwa ndi mphete zakuda. Dinani batani lake mutavala magolovesi, muwerenge kuti mudina kangati kuchoka pa mphamvu yochepa kufika pa yaikulu. Nyali yodutsa kaye pa kuphethiraphethira kapena kuzima kumene idzakusowetsani mtendere potsetsereka. Kenako isiyeni ikuyaka pa mphamvu yonse kwa mphindi khumi, muone kuwala kumene kwatsala ndipo muikhudze. Ikafunda thupi lonse, kutentha kukutuluka bwino. Ikakhala yozizira pomwe katoni ikunena ma lumen zikwizikwi, mphamvu imeneyo mulibemo.