Batman Pakati pa Anzace: Mmene Alembi Anai Anamuonetsera

Mphunzitsi wofuna kuti ana adziwe kupeka nthano ayenera kuyamba wazindikira cinthu ici: khalidwe la munthu wa m'nthano limaoneka bwino pamene iye ali pakati pa anzace. Citsanzo cabwino cipezeka m'mabuku a nthano za zithunzi a ku America, mwa Batman, ngwazi yobvala ngati mleme, imene Bob Kane ndi Bill Finger anaipeka m'caka ca 1939.

M'caka ca 1960 Gardner Fox anasonkhanitsa ngwazi zisanu ndi ziwiri m'gulu lochedwa Justice League. Anzace a Batman, monga Superman ndi Wonder Woman, anali ndi mphamvu zoposa za anthu, koma iye analibe. Cuma cace cinali nzeru ndi zida. Fox anamuonetsa ngati bwenzi laulemu, logwirizana ndi onse popanda mkangano.

Tsono m'caka ca 1987 Keith Giffen ndi J. M. DeMatteis anamuika pakati pa ngwazi zanthabwala ndi zolongolola. Pamenepo Batman anasanduka mkulu wosaseka, wolamula ndi mau ocepa. Guy Gardner, munthu wodzitama, atamderera, Batman anamgwetsa ndi nkhonya imodzi. Cimene cinaseketsa owerenga ndico kuuma mtima kwace pakati pa phokoso.

Grant Morrison, m'caka ca 1997, anafuna kuyankha funso lakuti, kodi munthu wamba apindulanji pakati pa zimphona? Adani ocokera ku Mars atagwira anzace, Batman yekha anazindikira kuti adaniwo amaopa moto, nawagonjetsa nao.

Mark Waid, m'caka ca 2000, anatenga nzeru yomweyo naitembenuza. M'nthano yace, Batman analemba mwamseri njira zogonjetsera mnzace ali yense ngati tsiku lina angapanduke. Mdani wace Ra's al Ghul anaba zolembazo nazigwiritsa nchito, kotero kuti anzacewo anazunzika kwambiri. Cikhulupiriro citatha, Batman anacoka m'gulumo. Apa kucenjera kumene kunapulumutsa gulu kwa Morrison ndiko kunalipasula.

Tiona tsono kuti dzina ndi cobvala sizinasinthe. Cinasintha ndi funso la mlembi ndi anzace amene anampatsa. Momwemonso ndi Kalulu wa nthano zathu: kwa agogo ena ndiye wocenjera wopulumutsa ofooka kwa Mkango, kwa ena ndiye waulesi wokana kukumba citsime.

Inu amene mudzaphunzitsa, musafulumire kudzudzula mwana amene Kalulu wace asiyana ndi wa m'buku. Koma mfunseni kuti, wamuika pakati pa yani, nanga anzacewo amuona bwanji? Mwana akayankha bwino mafunso awiriwa, ndiye kuti wayamba kupeka.