Liŵiro la Pabokosi ndi Liŵiro la Pantchito: Za SSD m'Boma la Karonga

Munthu amene wayendapo m'tauni ya Karonga, kapena pamalo a malonda monga Chilumba, Uliwa ndi pachipata cha Songwe, waona yekha kuti kompyuta si chinthu chachilendonso. Ili m'maofesi a boma, m'sukulu za sekondale, m'zipatala, ndiponso m'timasitolo momwe achinyamata amataipa makalata, kusindikiza zithunzi ndi kukopera nyimbo. Ambiri a makompyuta ameneŵa adagwirapo kale ntchito kumaiko akunja, ndipo dandaulo la eni ake ndi limodzi, lakuti makinaŵa ngochedwa. Akapita kwa wokonza, kaŵirikaŵiri amauzidwa kuti agule chipangizo chotchedwa SSD. Uphungu umenewu ngwabwino. Vuto limadza pogula, pakuti pamabokosi a zipangizozi pamalembedwa manambala a liŵiro osiyanasiyana, ena 550, ena 3,500, ena 7,000, ndipo wogula amayesa kuti nambala yaikulu ndiyo idzampatsa kompyuta yachangu. Nkhani ya lero ikufotokoza chifukwa chake maganizo otere amataitsa ndalama.

Poyamba nkofunika kudziŵa chimene SSD imaloŵa m'malo mwake. Kuyambira m'chaka cha 1956, pamene kampani ya IBM ku America idatulutsa makina oyamba a mtundu umenewu, makompyuta akhala akusunga zolembedwa pa hadi disiki. M'kati mwake muli timbale tozungulira, tonga mbale za galamafoni zija, ndi kamkono kamene kamayendayenda pamwamba pa timbaleto kufunafuna pamene chinthu chidalembedwa. Timbale ta m'malaputopu ambiri timazungulira ka 5,400 pa mphindi imodzi, ndipo ta m'makompyuta a patebulo ka 7,200. Liŵiro limeneli likuoneka lalikulu, koma nthaŵi yambiri imathera pa kamkono kaja, kamene kayenera kusuntha ndi kudikira mbale nthaŵi iliyonse pamene failo yatsopano yafunidwa.

Mu SSD mulibe chinthu chilichonse chozungulira kapena choyenda. Zolembedwa zimasungidwa m'timaselo tating'onoting'ono ta magetsi, tofanana ndi ta m'fulashi kapena m'kakhadi ka m'foni. Nzeru imeneyi idachokera kwa katswiri wa ku Japan, Fujio Masuoka, wa kampani ya Toshiba, amene adalengeza mtundu wa timaselo wotchedwa NAND m'chaka cha 1987. Pofika 1991 kampani ya SunDisk, imene pambuyo pake idatchedwa SanDisk, idali kugulitsa SSD ya mamegabayiti 20 pa mtengo wa madola pafupifupi 1,000. Popeza palibe kamkono kodikirira, SSD imapeza failo mofulumira kuŵirikiza pafupifupi ka 100 kuposa hadi disiki. Apa ndipo pagona phindu lake lalikulu, chifukwa kompyuta ikamayaka kapena ikamatsegula pulogalamu imaŵerenga timafailo zikwizikwi. Ndiponso SSD siopa kugwedezeka, ndipo chimenechi nchofunika m'boma limene laputopu imakwera kabaza m'miseu ya mabampu.

Tsono manambala a pabokosi aja amatanthauzanji? Amanena za mamegabayiti amene chipangizocho chingaŵerenge pa sekondi imodzi, poŵerenga failo imodzi yaikulu, zonse zili bwino. Koma SSD siyenda yokha. Imalumikizidwa ku kompyuta kudzera panjira, ndipo njirayo ndiyo imalamula liŵiro. Galimoto yamphamvu yochokera ku Songwe ikafika pachikweza cha Chiweta kumbuyo kwa malole a mafuta, imakwera monga momwe mseu walolera. Njira yakale yotchedwa SATA, ya mtundu wachitatu umene udatuluka mu 2009, silola kupitirira mamegabayiti pafupifupi 550 pa sekondi, pamene ya mtundu wachiŵiri, imene ikupezekabe m'makompyuta okalamba, imalekeza cha pa 300. Njira yatsopano ndi PCIe, imene zipangizo zake zimatsata dongosolo la NVMe lokhazikitsidwa mu 2011. PCIe ya m'badwo wachitatu imafika cha pa 3,500, ya m'badwo wachinai cha pa 7,000, ndipo ya m'badwo wachisanu cha pa 14,000. Munthu akagula SSD ya 7,000 naiika m'kompyuta ya m'badwo wachitatu, idzagwira ntchito ndithu, koma pa 3,500 basi. Ndalama zoonjezera zija zapita pachabe.

Choipa koposa ndicho kugula chipangizo chimene sichiloŵa nkomwe. SSD ya SATA yozoloŵereka ili ngati kabokosi kaphanthiphanthi ka mainchesi 2.5, ndipo imakhala pamalo penipeni pamene padali hadi disiki ya laputopu. Ina ndi yaitali ngati chala, ndipo imatchedwa M.2. Yambiri ya mtundu umenewu imalembedwa 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'mimba mwake ndi mamilimita 80 m'litali, koma ilipo yaifupi ya 2242 ndi ya 2230, ndipo malaputopu ena salandira yaitali. Msampha uli pakuti M.2 ndi dzina la kaumbidwe chabe. Ina imatsata SATA, ina NVMe, ndipo pamaso zimafanana. Kaŵirikaŵiri ya SATA imakhala ndi mipata iŵiri m'mano ake olumikizira, pamene ya NVMe imakhala ndi mpata umodzi. Pali makompyuta amene amalandira mitundu yonse iŵiri, koma ena amalandira umodzi wokha, kotero kuti chipangizo chitha kuloŵa bwinobwino koma kompyuta osachiona. Makina ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2015 alibe malo a NVMe, ndipo pulogalamu ya Windows 7 idapangidwa yosaidziŵa NVMe pokhapokha itaonjezeredwa zina. Wogula ku Mzuzu kapena kutsidya kwa Songwe, ku Kyela ndi Mbeya, akalakwitsa chotere, ulendo wokabweza ngokwera mtengo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Nambala ya mtundu wa kompyuta imalembedwa kunsi kwake, ndipo iyenera kulembedwa papepala munthu asananyamuke.

Ngakhale chipangizo chitayenerana ndi kompyuta, liŵiro la pabokosi silikhalitsa polemba zinthu zambiri. Kuti mitengo itsike, opanga amadzaza timabiti titatu kapena tinai m'selo imodzi, ndipo mitundu imeneyi imatchedwa TLC ndi QLC. Kulemba m'selo yodzaza chotere nkochedwa, choncho gawo lina la SSD limapatulidwa kuti lilandire zinthu mwachangu, kenaka nkuzisamutsira m'kati pang'onopang'ono. Zili ngati khonde la chigayo cha mpunga nyengo yokolola Kilombero: matumba oyamba amatsitsidwa msanga chifukwa malo alipo, koma khonde likadzaza, ngolo zotsala ziyenera kudikira liŵiro la chigayo chenichenicho. Wojambula kanema wa ukwati amene akukopera magigabayiti ambiri nthaŵi imodzi adzaona liŵiro likugwa pakati pa ntchito, ndipo pa ma SSD ena a QLC otchipa limatsika kufika pa la hadi disiki. SSD ikatsala pang'ono kudzaza, khonde lija limachepanso. Nchifukwa chake nkwanzeru kusiya gawo limodzi la magawo asanu lopanda kanthu.

Kutentha nakonso kuli ndi mbali yake, ndipo anthu a m'mphepete mwa nyanja ayenera kusamala kuposa a kumapiri a Nyika kapena Misuku. Ma SSD ambiri a anthu wamba adapangidwa kuti agwire ntchito mpaka madigiri 70, ndipo akayandikira pamenepo amadzichepetsera okha liŵiro kuti asapse. A NVMe othamanga kwambiri ndiwo amatentha koposa, kotero kuti ambiri a m'badwo wachisanu amafuna chitsulo choziziritsira. Mu Okotobala ndi Novembala, pamene ku Karonga kutentha kumapitirira madigiri 30 masiku ambiri, m'kasitolo ka malata kopanda mpweya wokwanira, laputopu ya fani yodzaza fumbi imafika msanga pamalire amenewo. Kupukuta fumbi, ndi kusaika laputopu pamatiresi kapena pansalu, kumabweza liŵiro limene ndalama sizikadagula.

Za magetsi nazo nzofunika kuziganizira. Boma la Karonga lili ndi siteshoni yaing'ono yopangira magetsi pa mtsinje wa Wovwe, koma mphamvu yambiri ya dziko lino imachokera kutali kumwera, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Magetsi akazima mwadzidzidzi SSD ili pakati polemba, failoyo itha kuonongeka, ndipo nthaŵi zina chipangizo chonse chimasokonezeka. Laputopu ya batire lamoyo ili ndi chitetezo chake, koma yambiri yogulidwa pakaunjika batire lake lidafa kale. Kompyuta ya patebulo imafuna kabokosi ka batire kotchedwa UPS. Kugula batire kapena UPS nkopindulitsa kuposa kuonjeza ndalama pa nambala ya liŵiro.

Chifukwa chosamalira zonsezi nchakuti zosungidwa nzamtengo kuposa chosungira. Boma la Karonga lili ndi chitsanzo chodziŵika padziko lonse. Ku Chilumba, ntchito yofufuza za matenda a khate idayamba mu 1979, ndipo pambuyo pake idatchedwa Karonga Prevention Study. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 adaloŵa m'kafukufuku wa katemera wa khate ndi chifuwa chachikulu, ndipo kuyambira 2002 kubadwa, kumwalira ndi kusamuka kwa anthu a m'midzi yozungulira kwakhala kukulembedwa. Kaundula wa zaka zoposa 40 ngati ameneyu sangagulidwe m'sitolo akatayika. Chimodzimodzinso zotsatira za mayeso pasukulu, kapena mabuku a ngongole a kalabu ya alimi a mpunga. Hadi disiki ikamafa nthaŵi zambiri imayamba yalira ndi kuchedwa, koma SSD itha kufa mwakachetechete, ndipo kutulutsamo zotsala nkovuta kwambiri. Siyeneranso kusungidwa m'kabati zaka zambiri yosayatsidwa. Muyeso wa bungwe la JEDEC umafuna kuti SSD ya anthu wamba imene yafika kumapeto a moyo wake isunge zolembedwa chaka chimodzi pa madigiri 30 popanda magetsi, ndipo malo akatentha koposa apo nthaŵiyo imafupika. Chinthu chofunika chikhale ndi makope aŵiri kapena atatu, limodzi la iwo m'nyumba ina.

Pamsika palinso zachinyengo. SSD yeniyeni ya magigabayiti 500 imaoneka ngati 465 pa Windows, ndipo apa palibe kuba, nkusiyana kwa kaŵerengedwe chabe. Koma zilipo zipangizo zolembedwa materabayiti ambiri pamtengo wa fulashi, zimene m'kati mwake muli kakhadi kakang'ono kophunzitsidwa kunama. Zimalandira mafailo mosakana, koma tsiku loŵafuna sapezeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo ukatsika modabwitsa, wogula achenjere, apemphe lisiti ndi chitsimikizo, ndipo ayese kudzaza chipangizocho ndi kutsegulanso mafailo asanachikhulupirire. Ya panja yolumikiza pa USB nayo imatsata khomo limene yaloŵera: pa USB 2.0 sipitirira mamegabayiti 40 pa sekondi, pamene pa USB 3.0, imene kaŵirikaŵiri m'kati mwake mumakhala mobiriŵira ngati thambo, imafika cha pa 400.

Omvera akumbukenso kuti SSD sichiza matenda onse a kompyuta. Sifulumizitsa intaneti, sichotsa mavairasi, ndipo siloŵa m'malo mwa RAM ikakhala yochepa. Komabe pantchito za tsiku ndi tsiku, monga kutaipa, kuŵerengera ndalama ndi kusindikiza, kusintha kwakukulu kumachitika pochoka pa hadi disiki kupita pa SSD ya mtundu uliwonse. Kuchoka pa 550 kupita pa 7,000 kumaoneka kwenikweni kwa wokonza makanema ndi wosuntha mafailo akuluakulu, pamene mlembi wa pasukulu sangaone kusiyana kopitirira masekondi oŵerengeka.

Motero mwini kompyuta yakale ku Karonga ayambe wafunsa mafunso atatu: kompyuta yake imalandira mtundu uti, ntchito yake imafuna malo ochuluka bwanji, ndipo makope a zinthu zake adzasungidwa kuti. Kwa ambiri yankho lidzakhala SSD ya SATA ya kampani yodziŵika, ya magigabayiti 256 kapena 500, ndipo ndalama zotsala zigule batire ndi chosungira chachiŵiri.