Ndege za nkhondo ya Hitler zikuulukabe ku Duxford

Phokoso limafika ndege isanaoneke. Limayamba ngati bingu lakutali, kenako limakulowa m'chifuwa mpaka nthiti kunjenjemera. Khamu lomwe linali litayala mipando yopinda pa kapinga wa bwalo la ndege la Duxford, kufupi ndi mzinda wa Cambridge ku England, linangoti zii, maso onse kumwamba. Mdala wina amene anakhala pafupi nane anavula chipewa nachigwira pamtima. Apo ndiye ndege za Spitfire zinatulukira, zitandandana ngati akakowa obwerera kogona.

Chionetserochi chimachitika mu Seputembala pokumbukira nkhondo ya mumlengalenga ya mu 1940, imene eni dziko amaitcha Battle of Britain. Malowa ali ndi mbiri yake. Mu Ogasiti 1938, gulu la 19 Squadron lomwe linkakhala pompano ndilo linayamba kulandira Spitfire m'gulu lonse la asilikali a mumlengalenga a Britain la RAF. Douglas Bader, yemwe anaduka miyendo yonse iwiri pa ngozi ya ndege mu 1931, ankanyamukira pabwalo lomweli ndi miyendo yochita kupanga. Asilikali anachokapo mu 1961, ndipo lero malowa ali m'manja mwa Imperial War Museum.

M'mawa, ndege zisanayambe kuuluka, amalola anthu kuziyandikira. Ndinadabwa ndi kuchepa kwa Spitfire. Pokhala woyendetsa mpothina, munthu wa mapewa aakulu angalowemo movutikira. Pansi pa injini anatchera kabeseni kolandira oyilo wodontha, ndipo makaniko wina wa imvi ankapukuta phiko ndi kansanza mosamala ngati mayi akusambitsa khanda. Injini yake ya Rolls-Royce Merlin ili ndi masilinda 12, ndipo ikamalizidwa imatsokomola kaye, nkulavula utsi, kenako nkugwira. Amene anaijambula ndegeyi, R.J. Mitchell, anamwalira ndi khansa mu 1937 ali ndi zaka 42, asanaione ikumenya nkhondo.

Makamera onse amathamangira Spitfire, koma ine mtima wanga unali pa Hurricane, yonenepa, ya kalinunda, yomwe mbali ya thupi lake inakutidwa ndi nsalu. Mu 1940 iyi ndiyo inagwetsa ndege zambiri za Germany kuposa inzakeyo, koma ulemu unapita kwa yokongola.

Masana kunadutsa Lancaster, ndege yoponya mabomba ya injini zinayi. Zinapangidwa 7,377, koma zomwe zikuulukabe ndi ziwiri zokha, ina ku Britain, ina ku Canada. Anthu anaomba m'manja, ana akudumphadumpha atatseka makutu. Ine ndinakanika kuomba. M'ndege imodzi munkakwera anthu 7, ambiri a iwo anyamata ongodutsa kumene zaka 20, ndipo gulu la ndege zoponya mabomba la Bomber Command linataya amuna 55,573. Pansinso, ku Hamburg ndi ku Dresden m'dziko la Germany, mabomba awo anapsereza amayi ndi ana ali m'nyumba zawo. Kukongola kwa ndege imeneyi nkoona, ndipo misozi imene inabweretsa nayonso njoona. Wolengeza pa chimkuzamawu anatchula za anyamatawo, koma za anthu a pansiwo sanachedwepo, ndipo zimenezi zinandiwawa.

Ndege imene ndinabwerera inali phee m'nyumba yosungiramo ndege za ku America, itapachikidwa kudenga. Dzina lake ndi C-47, koma asilikali a Britain ankaitcha Dakota. Ilibe mfuti, ilibe maonekedwe oti nkukopa mwana. Ntchito yake inali yonyamula katundu ndi anthu. Mu 1944, asilikali a King's African Rifles, kuphatikizapo ochokera ku Nyasaland, analowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma nthawi ya mvula yosakata, m'matope ndi m'malungo, kumene galimoto zinkatitimira. Chakudya, mankhwala ndi zipolopolo zinkawapeza kuchokera kumwamba, zitaponyedwa ndi ndege ngati imeneyi. Ndinaima pansi pake nthawi yaitali, ndikuganiza za azigogo aja amene tinkawaona atavala mamendulo pa mwambo wa mu Novembala ku Zomba, ife ana osadziwa kuti anapulumuka ku zotani. Alendo ambiri ankangoidutsa, kuthamangira kukajambulitsa pa ndege zikuluzikulu.

Amalawi amene muli ku Britain, Duxford ili m'mbali mwa msewu wa M11, kumwera kwa Cambridge. Tengani ana, tengani jekete chifukwa mphepo ya pabwalopo siseka ndi munthu. Spitfire ikatera ndipo m'makutu mukasiya kulira, apititseni anawo pansi pa Dakota, muwauze za azigogo awo ku Burma.