Madzi Saiwala Khwawa

Kum'mwera kwa chigawo cha Utah, m'dziko la Amereka, kuli mapiri a miyala yofiira amene boma linawapatula m'chaka cha 1919 ndi kuwatcha Zion National Park. Miyala ya kumeneko ndi mchenga umene unaumbana kalekale, ndipo madzi a mvula akhala akuisema kwa zaka zosawerengeka mpaka kukumba zigwembe zakuya ndi zopapatiza. Zina n'zopanikizika kotero kuti munthu akatambasula manja amakhudza makoma onse awiri, thambo n'kumaoneka kutalitali ngati kamzere. Chaka ndi chaka anthu ochuluka amapita kukatsika m'zigwembe zimenezi ndi zingwe. Masewerawa a ku Amereka amawatcha canyoneering, a ku Ulaya amati canyoning.

Wokwera phiri akatopa, kapena akaona mitambo yakuda, amatembenuka n'kubwerera kumene wachokera. Wotsika chigwembe alibe mwayi wotere. Akatsika phompho loyamba amakoka chingwe chake kuti akatsikire phompho lachiwiri, ndipo chingwecho chikangogwa pa mapazi ake, njira yobwerera yatsekeka. Khomo limene latsala ndi limodzi, la kumunsi, ndipo pakati pa iye ndi khomolo pali maphompho, maiwe ndi mdima. N'chifukwa chake nzeru zambiri za ntchito imeneyi zimafunika munthu asanaponde mlomo wa phompho loyamba.

Bungwe la American Canyoneering Association linakonza njira yoyezera zigwembe kuti munthu adziwiretu chimene akukakumana nacho. Manambala 1 mpaka 4 amanena luso lofunika: pa 1 munthu amangoyenda, pa 3 pafunika chingwe, pa 4 pafunika katswiri. Malembo A, B ndi C amanena za madzi: chouma, cha madzi odikha, kapena cha madzi othamanga. Ku Zion aliyense wofuna kutsika ndi chingwe amayamba watenga chilolezo kwa oyang'anira malowo.

Chida chachikulu ndi chingwe. Cha okwera mapiri chimatamuka dala, kuti munthu akagwa chimuwakhe osamuthyola msana. Cha m'zigwembe sichitamuka kwenikweni, pakuti chingwe chotamuka chimakhulana ndi mlomo wa thanthwe munthu akamatsika, ndipo mwala umachicheka pang'onopang'ono. Kunenepa kwake ndi mamilimita 8 kapena 9. Utali wake uli ndi lamulo: popeza chingwe chimapindidwa pakati kuti chikokedwe onse akafika pansi, chiyenera kuwirikiza kawiri phompho lalitali koposa la pa ulendowo. Phompho lomaliza la chigwembe cha Pine Creek ndi la mamita 30, choncho limafuna zingwe zokwana mamita 60. Lomaliza la Heaps limayandikira mamita 90, ndipo munthu amatsika ali lende m'malere osakhudza khoma. Masamu ake mwana wa Sitandade 3 angawathe, koma wowalakwitsa amazindikira ali pakati pa phompho.

M'chiuno ndi m'ntchafu munthu amavala malamba olimba osokedwa pamodzi. Pa malambawo amakoleka karabina, mphete yachitsulo yokhala ndi kachitseko kokhoma, ndipo pa karabinayo amaikapo kachitsulo kotsikira, kamene kawirikawiri kamaoneka ngati nambala 8. Chingwe chimazungulira m'kachitsuloko, ndipo kukhulana kwake ndiko kumachepetsa liwiro, kotero kuti dzanja limodzi limatha kuimitsa thupi lonse. Kumutu kumakhala chisoti cholimba, kaamba ka miyala yogwetsedwa ndi anzake a kumtunda. Mpeni, wenzulo, tochi, mapu, chakudya ndi mankhwala a mabala sizisiyidwa.

Chovala chimene achilendo amachinyozera ndi suti ya mphira yothina thupi lonse. Kunja kukhoza kutentha ngati ku Nsanje mwezi wa Okutobala, koma pansi pa chigwembe dzuwa silifika, ndipo madzi a m'maiwe amazizira koopsa. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Kutentha kwa thupi kukatsika kupitirira madigiri 35, munthu amanjenjemera, lilime limalemera, maganizo amasokonekera, zala zimauma. Tsono munthu wa zala zouma angamange bwanji mfundo imene moyo wake ukudalira?

Luso loyamba ndi lodziwa pomangirira chingwe. Pena pamakhala mtengo, pena mwala waukulu wopanikizika m'mphako, pena mabawuti okhomedwa m'thanthwe. Popanda zonsezi, anthu amakwirira mwala mu mchenga ataumanga lamba wa nayiloni. Lamba wosiyidwa ndi odutsa kale sadaliridwa asanayang'anidwe mbali zonse, chifukwa dzuwa limamufoola ndipo mchenga wa m'madzi osefukira umamudya. Pakakhala chikayiko, wolemera thupi ndiye amayamba kutsika, anzake atachirikiza chingwecho ndi matupi awo pamwamba, ndipo wopepuka ndi wodziwa bwino amatsika pomaliza. Wofika pansi amagwira nsonga ya chingwe, kuti mnzake akaphonya iye angokoka mwamphamvu, mnzakeyo n'kuima pomwepo. Womaliza asanatsike, a pansi amayesa kukoka kuti aone ngati chingwe chikuyenda, pakuti chikakodwa onse ali pansi palibe wokachikolola.

Chovuta n'chakuti lamulo lopulumutsa pa malo amodzi limapha pa malo ena. Pa phompho louma munthu amamanga mfundo kunsonga kwa chingwe kuti asapululuke ngati chili chachifupi. Pa mathithi mfundo yomweyo ndi msampha, chifukwa imamugwira pansi pa madzi ogwa mwamphamvu ndipo amalephera kudzimasula. Pamenepo chingwe chimayezedwa kuti chithere pamwamba pa dziwe, munthu angotulukamo n'kusambira. Zotere siziphunziridwa m'buku lokha ayi. Safunsa anadya phula. Pa phokoso la mathithi mawu samveka, choncho gulu limagwirizana tanthauzo la kulira kwa wenzulo lisananyamuke. Ndipo palibe wolumphira m'dziwe mnzake asanatsike ndi chingwe kukafufuza ngati mulibe mwala kapena chipika.

Palinso maenje amene madzi ozungulira anawasema ngati mtondo. Akadzaza, munthu amangosambira n'kutulukira tsidya lina. Madzi akaphwa kufika pakati, makoma ake osalala amaposa msinkhu wa munthu ndipo pogwira palibe. Otsika amatulukamo pokwerana pa mapewa, kapena poponya thumba la mchenga lomangidwa chingwe kuseri kwa mlomo wa dzenjelo kuti akwerepo. Munthu ali yekha sangachite zimenezi. Mutu umodzi susenza denga.

Pa zoopsa zonse, madzi osefukira ndiwo sapereka mpata wokonza cholakwa. Thanthwe silimwa madzi monga dothi la m'munda. Mvula ikagwa pa mapiri a miyala yokhayokha, madzi onse amathamangira kumalo otsika, ndipo a dera lalikulu amakumana m'kanjira kopapatiza, atanyamula matope, miyala ndi mitengo. Mvulayo siyenera kugwa pamene munthu ali. Pa 12 Ogasiti 1997, m'chigwembe cha Lower Antelope ku Arizona, alendo 11 anafa ndi madzi a mvula imene inagwa pa mtunda wa makilomita oposa 10, pamene pa malowo panangowaza pang'ono. Pa 27 Julaye 1999, m'khwawa la Saxetbach pafupi ndi Interlaken ku Switzerland, anthu 21 anakokoloka, atatu mwa iwo operekeza alendo. M'chaka cha 2001 khoti linapeza akuluakulu asanu ndi mmodzi a kampani imene inakonza ulendowo olakwa pa mlandu wopha anthu mosasamala.

Ku Zion komweko, pa 14 Sepitembala 2015, anthu asanu ndi awiri anatenga chilolezo m'mawa kuti akatsike Keyhole, chigwembe chachifupi chimene ambiri amaphunzirirapo. Masana a zanyengo anachenjeza za kusefukira kwa madzi, koma kumalo amenewo telefoni sigwira bwino. Gululo linalowa, mvula yamphamvu inagwa, ndipo onse asanu ndi awiri anafa. Zida anali nazo, ndipo chigwembecho sichinali chovuta. Chimene chinasowa ndi njira yotulukira, pakuti pakati pa makoma osalala pothawira panalibe.

Zizindikiro za madzi akudza n'zodziwika: madzi oyera amayamba kuda, zinyalala zimayandama, mtsinje umakwera, kumtunda kumamveka mkokomo ngati wa sitima. Woona zimenezi asathamangire kumunsi, chifukwa madzi sapikisana nawo liwiro. Ataye katundu, akwere pamalo okwera paliponse pamene pangapezeke, adikire ngakhale usiku wonse. Komatu chitetezo chenicheni ndicho kufunsa za nyengo ya dera lonse lothira madzi m'khwawalo, ndi kulimba mtima kubwerera kunyumba osatsika. Ku Utah miyezi yoopsa koposa ndi Julaye, Ogasiti ndi Sepitembala.

Lamulo lina n'losalira ndalama: kuuza wina kumene ukupita ndi nthawi yobwerera. Mu Epulo 2003, Aron Ralston analowa yekha m'chigwembe cha Bluejohn ku Utah osauza munthu. Mwala wolemera pafupifupi makilogalamu 360 unasuntha n'kumupana dzanja lamanja. Anakhala pomwepo masiku asanu, madzi akumwa anatha, ndipo popeza panalibe wodziwa kokamufuna, anathyola mafupa a mkono wake n'kuudula ndi kampeni kobuntha. Atatero anatsikabe phompho la mamita 20 ndi dzanja limodzi asanakumane ndi anthu. Ambiri amatama kulimba mtima kwake, koma mawu ochepa osiyidwa kwa mnansi akanafupikitsa masiku amenewo.

Anthu a m'tsinde mwa mapiri a Zomba, Mulanje ndi Michesi madzi otere amawadziwa, ndipo ali ndi dzina lake: napolo. Anawaona ku Zomba m'chaka cha 1946, ku Phalombe mu Malichi 1991, ndiponso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mtsinje wa Likhubula ndi chigwembe cha Ruo zimamvera lamulo lomwelo la Keyhole, pakuti phiri la Mulanje nalo ndi la matanthwe, ndipo mvula ikhoza kugwa pamwamba pake m'munsi muli ngwee. Mphunzitsi wotengera ana ku Dziwe la Nkhalamba, ndi mnyamata womaliza sukulu wofuna ntchito yoperekeza alendo m'phiri, ayambe aphunzira kuyang'ana kumtunda kumene madzi amachokera, ndi kunena kuti lero sitilowa ngakhale alendo atalipira kale. Chingwe ndi chisoti zimagulidwa m'sitolo, koma mawu amenewo munthu ayenera kukhala nawo m'kamwa asanachoke pakhomo.