Mwanabele Wosaphwa: Mmene Kuyeza DNA Kumathandizira Kuzindikira Khansa ya Lymphoma

Ambirife tinakula tikudziwa kuti mwanabele amabwera n'kupita. Munthu akavulala kuphazi, amatupa m'mphechepeche, ndipo chilonda chikapola nayenso amaphwa. Koma alipo mwanabele wina wosapweteka amene amakhala m'khosi kapena m'khwapa kwa milungu yambiri, munthu n'kumaonda, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku. Kwa ife ochokera kumwera kwa Africa, dokotala kawirikawiri amayamba waganizira za TB, ndipo salakwa. Vuto n'lakuti khansa ya lymphoma imabweranso ndi zizindikiro zomwezi, makamaka kwa anzathu amene ali ndi HIV.

Khansa imeneyi si yachilendo kwathu. Mu 1958 Denis Burkitt, dokotala yemwe ankagwira ntchito ku Kampala, analemba za zotupa za m'nsagwada mwa ana. Mu 1961 anayenda maiko angapo, kuphatikizapo Nyasaland, kufufuza kumene matendawa amapezeka, ndipo zinadziwika pambuyo pake kuti amachuluka m'madera a malungo. Mpaka lero Burkitt lymphoma ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana ku Malawi.

Mitundu ya lymphoma ndi yambirimbiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Dokotala amachotsa mwanabele kapena kachidutswa kake n'kutumiza ku labotale. Kumeneko amayamba ndi maikulosikopu, koma mitundu ina imafanana kwambiri pamaso. Apa ndi pamene kuyeza DNA ya maselo a chotupacho kumathandiza. Pa Burkitt lymphoma, kachigawo ka kromozomu 8 kotchedwa MYC kamaduka n'kukalumikizika kwina, kawirikawiri pa kromozomu 14, ndipo maselo amayamba kuchulukana mosaima. Njira yotchedwa FISH imaika utoto wowala pa tizigawo timeneti kuti kudukako kuoneke. Pa mtundu wina woyenda pang'onopang'ono, follicular lymphoma, amene amasinthana zigawo ndi makromozomu 14 ndi 18. Palinso kuyeza kwa PCR, koonetsa ngati maselo onse achokera ku selo imodzi, monga zimakhalira pa khansa, kapena ndi osiyanasiyana amene akungolimbana ndi tizilombo.

Kusiyanitsaku n'kofunika. Burkitt amakula msanga kwambiri moti amafuna mankhwala amphamvu popanda kuzengereza, ndipo akagwidwa nthawi yabwino ambiri amachira. Follicular nthawi zina madokotala amangoyang'anira kaye osapereka mankhwala.

Makolo ambiri akamva mawu akuti DNA amada nkhawa kuti mwina matendawa ndi akumtundu. Ayi. Kusintha kumene akuyezaku kumachitika m'maselo a chotupa chokha, munthu atabadwa kale, ndipo sikupita kwa ana.

Tsono abale, mwanabele akakhala osaphwa kupitirira milungu iwiri, tiyeni tikaonane ndi GP. Kuno ku England kulembetsa kwa GP n'kwaulere ndipo safuna mapepala a imigireshoni. Ngati tapatsidwa mankhwala a TB koma chotupa chikukulirakulira, tibwerere tikafunse ngati anayeza kachidutswa ka mwanabeleyo. Zotsatira za DNA zimatha kutenga masiku angapo kuposa zina, choncho tisataye mtima podikira. Kwa amene Chingerezi cha kuchipatala chimawavuta, NHS imapereka womasulira kwaulere tikapempha.